Sitima za katundu zikakumana, ina imadikira

Pa zithunzi zonse zakale za njanji, zimene ndimakhala nazo m'manja nthawi yaitali ndi za sitima ziwiri za katundu zitakumana. Cha sitima imodzi ikufuka utsi pamlatho n'chokongola ndithu, koma ukachiona kamodzi wathana nacho. Zikakhala ziwiri, ina italoza kumwera ina kumpoto, pamakhala zambiri zoti uone. Umaona zimene dziko linkatumiza kunja ndi zimene linkalandira, umaona anthu amene ankagwira ntchitoyo, ndipo umaona chimene ine chimandikhudza koposa: pa sitima ziwirizo, ndi iti imene inauzidwa kuti ipatuke, iime, idikire inzake idutse.

Ife a ku Zomba sitima timachita kuitsatira kwina. Tauni yathu inali likulu la dziko kuyambira mu 1891 mpaka mu 1975. Bwanamkubwa ankakhala kuno, malamulo ankakhazikitsidwa kuno, ndalama za boma ankazigawa kuno, koma njanji sinafike. Ya kampani ya Shire Highlands Railway inachokera ku Port Herald, komwe lero timati ku Nsanje, n'kukwera kudzera ku Chiromo, Luchenza ndi Limbe mpaka kufika ku Blantyre mu 1908. Ataipitiriza mu 1935 kuti ikafike ku Salima, inadzera kumadzulo, kuseri kwa phiri lathu, n'kuwoloka Shire kulowera ku Balaka. Mu 1970 anatsegula yopita kudoko la Nacala, yoyambira pa Nkaya, kuwoloka Shire pa Liwonde n'kukatulukira pa Nayuchi, pakati pa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta. Inatilambalala kumadzulo, inatilambalalanso kumpoto. Mwana wa ku Matawale kapena ku Sadzi amatha kufika ku sekondale asanaonepo sitima ndi maso.

Sizodabwitsa ukakumbukira chimene njanjiyo inabwerera. Sanamangire alembi a boma ndi mafaelo awo. Anamangira katundu, ndipo katundu wolipira bwino anali ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Limbe. Ngakhale kanjanji kamene kanalowa dala m'boma la Zomba, kaja ka ku Changalume, sikanabwerere anthu. Kanabwera kudzanyamula miyala ya laimu yowotchedwa pafakitale ya kumeneko, kuti akaigaye ku Blantyre n'kupanga simenti. M'dziko muno njanji inayamba ndi katundu, ndipo nthawi zambiri mabogi a anthu ankangowamangirira kumbuyo kwa a katunduyo.

Zithunzi zimene ndikunena n'zochepa. Zinali m'sutikesi ya azakhali anga ku Chinamwali, m'envulopu imodzi ndi makadi a ubatizo ndi mapepala a penshoni. Malemu amuna awo anayamba ntchito ya njanji dziko lisanalandire ufulu, poyamba m'gulu lokonza njanji, kenako pa mapoyinti, paja pamene njanji imagawikana. Zithunzizo n'zakuda ndi zoyera, zazing'ono zokwana pachikhatho, m'mbali mwake muli kamzere koyera. Kumbuyo kwake sikunalembedwe kanthu, ngakhale chaka. Azakhali akuti anawapatsa ndi mnzawo wa kuntchito amene anali ndi kamera.

Pa chimodzi pali sitima ziwiri pa kasiteshoni ka kutchire. Ya kumanzere ili ndi injini ya moto, utsi ukukwera mowongoka, kusonyeza kuti yaima ndipo kulibe mphepo. Mabogi ake oyamba ndi otseka, otsatira ndi osatseka pamwamba, ofundikidwa malona omangidwa ndi zingwe. Ya kumanja ili ndi injini ya dizilo, ndipo kumbuyo kwake kukuoneka mathanki a mafuta. Pakati pa ziwirizi paima bambo ovala kabudula ndi chipewa, mbendera ziwiri zokulunga zili kukhwapa. Chakumapeto kuli mayi wasenza dengu, theka la thupi lake lili kunja kwa chithunzi. Patali pali mlambe ndi thanki ya madzi yokwezeka pamiyendo yachitsulo.

Kuti umvetse chimene chikuchitika apa, uyenera kudziwa kuti njanji ya kuno ndi ya mzere umodzi. Zitsulo zake zinatalikirana mamilimita 1,067, monga zilili njanji zambiri za kumwera kwa Africa, ndipo zopita ndi zobwera zonse zimayenda pamzere womwewo. Zili ngati mlatho wa mtengo umodzi pamtsinje: wina akaponda, wa kutsidya amayamba waima. N'chifukwa chake m'masiteshoni anaikamo njanji yapambali, imene imachoka pa yaikulu n'kukalumikizananso nayo kutsogolo. Sitima imodzi imalowa m'menemo n'kuima, inayo n'kudutsa. Masiteshoni ambiri a kutchire, amene munthu angadabwe kuti anawaikiranji poti panalibe mudzi waukulu pafupi, ntchito yawo inali imeneyi, kuphatikizapo kumwetsa madzi mainjini a moto.

Chithunzichi ndinapita nacho kwa mkulu wina wa kumpingo kwathu, amene anali gadi wa sitima za katundu asanapume n'kubwerera kwawo cha ku Thondwe. Anachigwira mochitalikitsa, nayamba ndi mainjini.

"Ichi anajambula dizilo itangofika kumene, m'zaka za m'ma 1960. Nthawi imeneyo zinkayendera limodzi, ya moto ndi ya dizilo. Waona mlambewu, mwana wanga? Kuno n'kuchigwa, si kumtunda ayi."

"Nanga bambo, imene ikudikira ndi iti?"

"Ya motoyi. Taona pamene ili, ili panjanji yapambali. Komanso yafika kalekale. Wosonkhezera moto watsika, si uyu wakhala pamthunziyu?"

Analozadi munthu wakhala pansi m'mthunzi wa bogi yachiwiri, miyendo atatambasula, chipewa chili pabondo.

Kenako anandifotokozera mmene kukumana kumodzi kunkayendera, ndipo ntchito yake inali yambiri kuposa imene maso akuona pachithunzi. Chisanachitike chilichonse, akulu a masiteshoni awiri oyandikana ankayamba alankhulana pa lamya n'kugwirizana kuti pakati pawo palowa sitima yakuti, ina ayi. Dalaivala sankanyamuka pongomva mawu apakamwa. Ankayenera kulandira chilolezo m'manja, ndipo popanda chimenecho sankasuntha, ngakhale njanji ioneke yoyera mpaka kumapiri. Wa pamapoyinti ankayenda wapansi kukafika pamene njanji yagawikana, n'kukankha chitsulo cholemera chotembenuzira njira, kuonetsetsa kuti lilime lake lagwirana bwino ndi njanji yaikulu, n'kukhoma loko. Kamwala kamodzi kakatsalira pakatipo, magudumu ankatha kugawana njira, ena uku ena uko, mabogi n'kugubuduka. Masana ankakweza mbendera, yofiira kapena yobiriwira. Usiku inali nyali ya parafini ya magalasi a mitundu yomweyo, ndipo kuisunga yoyaka mvula ili mkati inali ntchito payokha.

Gadi ankakhala kubogi yomaliza, yekhayekha, kutali ndi injini. Sitima ikalowa panjanji yapambali, udindo wake unali kuona kuti mchira wonse walowa, kuti palibe bogi imene yatsala itatulukira panjira ya inzake. Kumbuyo kwa bogi yakeyo ankapachikako nyali yofiira. A pasiteshoni akaona sitima yadutsa popanda nyaliyo, ankadziwa kuti yaduka panjira, mabogi ena atsala kutchire, ndipo sankalola ina kulowa njira imeneyo. Pa zonsezi palibe amene ankaona mnzake. Dalaivala ankakhulupirira wa pamapoyinti amene wangomuona mbendera patali, wa pamapoyinti ankakhulupirira mawu a pa lamya, gadi ankakhulupirira onsewo ali kumbuyo mumdima. Ine ndikamayang'ana bambo a mbendera aja ataima phee pakati pa zitsulo ziwiri zolemera chotero, ndimaona munthu amene kulakwitsa kwake kumodzi kukanapha anzake, ndipo malipiro ake sankafanana n'komwe ndi udindo umenewo.

Funso loti idikire ndi iti linali ndi mayankho awiri. Loyamba linali la mtunda. Nsanje ili pansi, mamita osakwana 100 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene Limbe ili pamwamba kupitirira mamita 1,000. Sitima yolemera imene ikukwera chitunda chimenecho suiimika mwachisawawa, chifukwa kuti inyamukenso, makamaka njanji itanyowa, magudumu amangozungulira pamodzimodzi mpaka athirepo mchenga. Tsono yotsika kapena yopepuka ndi imene inkapatuka. Lachiwiri linali la ndalama. Katundu wothamangira sitima ya pamadzi ku Beira anali ndi tsiku lake, eni ake anali ndi mawu m'maofesi, ndipo njira inkamutsegukira. Mchere, malata ndi nsalu zopita m'masitolo a kumidzi zinkatha kugona panjanji yapambali. Mkulu uja sananene izi mokwiya. Anazinena monga munthu amene anachezerapo usiku wonse kubogi yomaliza, udzudzu ukumudya, akudikira tiyi wa eni ake adutse.

Azakhali ali ndi mbali yawo ya kudikirako. Anakhalapo m'kanyumba ka kampani pa siteshoni ina ya kuchigwa, mwana woyamba ali kumsana.

"Azakhali, kunalibe msika, kunalibe chigayo, munkakhala bwanji?"

"Iwe mwana wa achimwene, wotchi yathu inali sitima. Ikalira ya m'mawa, ndikudziwa kuti madzi osamba akhale pamoto. Ikachedwa, nsima izizire, amuna anga aja sangachoke pamapoyinti. Ndinkawatengera komweko m'kambale, ndiime patali mpaka zidutsane."

Anandiuza kuti amayi a pasiteshoni ankapempha madzi otentha kwa a mu injini, ndipo ana ankatola malasha ogwa m'mbali mwa njanji. Mayi wa dengu pachithunzi paja ndi wa dziko limenelo. Pamene sitima zimakumana sipachedwa kubadwa kamsika, chifukwa anthu oima ola lathunthu amafuna nthochi, nzimbe, mbatata yowotcha, mazira owiritsa. Balaka ndi Luchenza ndi matauni amene njanji inawakuza.

Ukadziwa zimenezi, mabogi nawo amayamba kumveka. Otsikira kunyanja yamchere ankanyamula mabokosi a tiyi okwezedwa pa Luchenza, mabelo a fodya a ku Limbe, kumene okushoni inatsegulidwa mu 1938, thonje la ku Chigwa cha Shire, mtedza wa m'chigawo chapakati, ndipo pambuyo pake shuga wa ku Nchalo. Okwera ankabweretsa mafuta a galimoto, feteleza, mchere, zitsulo, makina, ngakhalenso malasha oti mainjini omwewo ayendere. Zotsika zinali zolimidwa ndi manja athu, zokwera zinali zopangidwa m'mafakitale a ena, ndipo pakachithunzi kaja zonsezo zaima moyandikana, pakati pongotsala mpata wa munthu mmodzi.

Chithunzi china m'envulopumo n'cha m'tauni, pamene msewu umadutsa njanji, ndipo mkulu uja anati ndi ku Limbe. Sitima imodzi ikutuluka m'bwalo la katundu, ina yaima kumbali kudikira kulowa, ndipo msewu watsekedwa. Kutsogolo kwa mzere kuli lole yodzaza mabelo, kumbuyo kwake njinga zambirimbiri, eni ake phazi limodzi lili pansi, ndi anthu osenza mitolo. Lole ngati imeneyo ndiyo inali njanji ya Zomba. Fodya wa m'maesiteti a kuno ankatsika pamsewu kukapeza sitima ku Limbe, ndipo mapepala a makina osindikizira a boma, katundu wa kubalaki ndi wa m'masitolo ankabwera njira yomweyo. Pachithunzichi odikira si sitima yokha. Tauni yonse yaima kuti katundu adutse.

Njira ya ku Beira ija inali ndi zovuta zake. Njanji ya Trans-Zambezia, yochokera cha ku Beira, inafika kutsidya kwa Zambezi mu 1922, koma kwa zaka 13 panalibe mlatho. Sitima yochokera kuno inkafika pa Chindio, m'mphepete mwa mtsinjewo, katundu n'kutsitsidwa, kuwolotsedwa pamadzi, n'kukakwezedwanso m'sitima ina kutsidya. Madzi akachepa kwambiri kapena akasefukira, zonse zinkaima. Mlatho wa Dona Ana, wotalika pafupifupi makilomita 3.7, unatsegulidwa mu 1935, ndipo pa nthawiyo unali m'gulu la milatho ya njanji yaitali kwambiri padziko lonse. Zithunzi zake zilipo zambiri, poti eni ake ankaunyadira. Chimene sichioneka pazithunzizo ndi ngongole. Boma la Nyasaland linasenza gawo lalikulu la ngongole za njanji ndi mlathowo, ndipo akatswiri ena a mbiri amanena kuti zimenezi zinadya ndalama zimene zikanapita ku sukulu, zipatala ndi misewu. Mitengo yonyamulira katundu inali yokwera moti mlimi wa chimanga sakanapindula potumiza mbewu yake kutali panjanji. Wokhoma msonkho wa nyumba ku Jali kapena ku Mayaka anathandiza kulipira njanji imene sanaikwerepo.

Pali chifukwa chinanso chosavuta chimene zithunzi za m'masutikesi zimakhalira za sitima zoima. Kamera wamba za nthawiyo, monga timabokosi ta Kodak Brownie, sizinkatha kugwira bwino chinthu choyenda, chinkatuluka chachimbuuzi. Filimu imodzi inali ya zithunzi 8 kapena 12, kutsukitsa kunali ndalama, choncho munthu sankajambula mwachisawawa. Ankadikira sitima iime. Ogwira ntchito nawonso mpata wojambulitsa ankaupeza pa nthawi yodikira yomweyo.

Wokonda zithunzi zotere pa intaneti sachedwa kugwera pa za ku America. Kumeneko kuli malo amene njanji za makampani awiri zimapingasana penipeni, monga pa Rochelle m'chigawo cha Illinois, pamene ya Union Pacific ndi ya BNSF zimadutsana, ndipo mu 1998 tauniyo inatsegula paki yoti anthu azikhalamo n'kumaonerera ndi kujambula sitima. Koma zimene ine ndimabwererako kawirikawiri ndi za Jack Delano, wojambula amene boma la America linamutuma pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mu 1942 ndi 1943 anajambula m'mabwalo a sitima za katundu ku Chicago, ndipo m'mwezi wa Malichi 1943 anakwera sitima za katundu za kampani ya Santa Fe kuchokera ku Chicago mpaka ku California. Zithunzi zake zimasungidwa ku Library of Congress, ndipo aliyense angazione kwaulere.

Njanji zake n'zazikulu, mainjini ake ndi zimphona, m'malo mwa milambe kuli chipale chofewa, koma ntchito yake ndi yomweyi. Pali sitima yaima panjanji yapambali m'chipululu kudikira inzake, pali wogwira ntchito akutambasula dzanja kulandira kapepala ka malangizo sitima ikuyenda, pali wa nyali usiku. Chimene chimandigwira mtima ndi mawu olembedwa pansi pake. Pazithunzi zambiri Delano analemba dzina la munthuyo ndi ntchito yake, nthawi zina ndi kumene ankakhala. Anajambulanso amayi opukuta mainjini ku Clinton, m'chigawo cha Iowa, ali pa chakudya chamasana, ndipo ena mwa iwo mayina awo alipo. Papita zaka zoposa 80, koma mdzukulu angalembe dzina la agogo ake pa kompyuta n'kuwapeza ataima pambali pa injini.

Zithunzi zakale za njanji ya Nyasaland zimene ndaziona m'mabuku ndi pa intaneti sizili choncho. Mawu ake amatchula nambala ya injini, dzina la mlatho, ndi bwana amene waima kutsogolo. Mainjini enieniwo anali ndi mayina. Thistle ili pa siteshoni ya Limbe, Shamrock ili kunyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri, ndipo anachita bwino kuwasunga. Koma anthu amene ankawasonkhezera moto anangolembedwa kuti antchito. Kwa nthawi yaitali maudindo apamwamba anali a azungu, ukalaliki, ukulu wa masiteshoni ndi udalaivala zinkagwera kwambiri amwenye, ndipo Amalawi anali okumba, osenza zitsulo, osonkhezera moto, olumikiza mabogi. Zinayamba kusintha ufulu utayandikira. Ufuluwo utabwera, vuto linakhala lina. M'nthawi ya chipani chimodzi munthu wochenjera sankaloza kamera pamlatho kapena pasiteshoni popanda chilolezo, poopa mafunso. Choncho pa zaka zimene Malawi Railways inkakula, njanji ikufika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980, zimene ndaziona zambiri ndi za mwambo wotsegulira, osati za tsiku wamba la ntchito.

Kenako kukumana kwenikweniko kunachepa. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inadula njira zonse ziwiri m'zaka za m'ma 1980. Mlatho wa Dona Ana unaphwasulidwa, njira ya ku Beira inatsekeka, ya ku Nacala nayo inaima kwa zaka. Asilikali a Malawi anatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala, ndipo kuno ku Zomba, tauni ya asilikali, nkhani imeneyo imadziwika m'makomo ambiri. Katundu anasamukira m'mathiraki, ulendo wautali wa ku Durban ndi ku Dar es Salaam, mitengo ya zinthu n'kukwera nawo. Mu 1997 madzi osefukira anadula njanji pa Chiromo. Mu 1999 boma linapereka njanji m'manja mwa kampani ya Central East African Railways. Fakitale ya ku Changalume itaima kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kanjanji kathu kaja kanamera thengo. Sitima zikachepa, palibenso zokumana, ndipo wa pamapoyinti wa kutchire ntchito yake imathera pomwepo. Ambiri anabwerera kumudzi ndi kasutikesi ndi envulopu.

Lero malo otanganidwa alipo, ndipo sali patali ndi ife. Kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga njanji yatsopano yochokera kumigodi ya malasha ya ku Moatize, kudzera ku Mwanza ndi ku Neno, kudzalumikiza pa Nkaya, n'kukonzanso yakale yopita ku Nayuchi. Njira yonse, kuchokera kumgodi mpaka kudoko la Nacala-a-Velha, ndi makilomita 912. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodi ndi ntchito ya njanjiyo kwa kampani ya Vulcan. Pa Nkaya tsopano pamakumana njira zinayi: ya ku Moatize, ya ku Limbe, ya ku Salima ndi Lilongwe, ndi ya ku Nacala. Sitima za malasha zimakoka mabogi oposa 100, kutalika kwake kupitirira kilomita. Ukaima pa Liwonde pamene njira za anthu zimadutsa njanji, umaona akabaza atatsika panjinga, amayi atatula mitolo, ana akuwerenga mabogi mokweza mpaka kusokonezeka. Sitima yotere ikagwira mabuleki imayenda mtunda wautali isanaime, ndipo amene amathamangira kuwoloka kutsogolo kwake amaika moyo pachiswe.

Sindikulakalaka kuti nthawi ya mainjini a moto ibwerere. Inali nthawi ya malipiro ochepa, ya zala zoduka polumikiza mabogi, ya mabanja okhala kutchire kopanda chipatala. Njanji ya ku Nacala lero ndi yolimba kuposa imene mkulu wa ku Thondwe anaidziwa, ndipo feteleza, mafuta ndi tirigu zimalowa m'dziko panjira yomweyo. Koma pali chimene chimandiwawa. Pa sitima ziwiri za pachithunzi paja, iliyonse inali ndi kanthu kathu, ina thukuta la alimi athu, ina zofunika m'nyumba zathu. Sitima yaitali koposa imene imadutsa lero yanyamula katundu wosachokera kuno komanso wosatsikira kuno, ndipo pobwerera imabwerera yopanda kanthu kukatenga wina. Miyala ya simenti imene kale inkachokera kuseri kwa phiri lathu, ina tsopano timaiitanitsa kunja. Kuti sitima ya nandolo, shuga kapena ya anthu opita ku Nayuchi ipatsidwa mpata wotani panjanji imeneyi, ndi nkhani imene aphungu athu ayenera kuifunsa mwamphamvu akamaunika mapangano a njanji, chifukwa zimene zalembedwa m'mapanganomo ndi zimene zimachitika pa mapoyinti a pa Nkaya.

Mkulu uja anawazindikira bambo a mbendera. Anatchula chiwongo chawo, kwawo ku Ntcheu, ndi dzina la siteshoni imene ankakhala ndi banja lawo m'kanyumba ka kuseri kwa thanki ya madzi. Ndinalemba zonsezo kumbuyo kwa chithunzi iye akuona. Amene anali ndi zaka 20 mu 1965 lero afika zaka 80, ndipo ndi okhawo amene angayang'ane mlambe ndi thanki n'kukuuza kuti apa ndi pakuti, uyu ndi uje. Ali m'midzi yathu yomwe ino, ku Thondwe, ku Domasi, ku Namadzi, ndipo ambiri palibe amene anawafunsapo.

Kuno tili ndi mwayi woti likulu la National Archives of Malawi lili pakhomo, ndipo ku Blantyre a Society of Malawi amasunga zithunzi zakale ku Mandala House. Malo amenewa amasunga zimene zawafikira, ndipo za m'masutikesi a anthu wamba sizingayende zokha. Amene muli nazo, zijambuleni ndi foni masana pamthunzi, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, musanapite nazo kwina kulikonse. Mukapeza wodziwa, lembani zimene wanena ndi pensulo, chifukwa inki ya bolopeni imalowerera n'kutulukira kutsogolo. Amene mumadutsa pa Liwonde kapena pa Nkaya, mukafuna kujambula sitima zitakumana, pemphani kaye kwa ogwira ntchito, imani patali ndi njanji, ndipo lembani tsiku, malo, katundu amene mukumuona ndi dzina la munthu amene wavomera kujambulidwa. Musazisiye m'foni mokha, tsukitsani zina. Zakalezo musaziike m'maalubamu a pulasitiki yomata, chifukwa ndi chinyezi cha kuno ku Zomba chithunzi chimamatirira, ndipo pochimatula chimachoka ndi nkhope yomwe. Envulopu ya pepala, yoikidwa m'bokosi pamalo okwera pamene chiswe sichifika, imasunga bwino.